N'chifukwa chiyani amayi amadikira phala lizizireko asanathire chimera?

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, imani kaye pano musanathamangire kokagula zitumbuwa. Funso la ma enzyme limatigwetsa ambiri, chikhalirecho yankho lake lili mumphika wa thobwa kunyumba kwathu komweko.

Amayi akaphika phala la thobwa, amaliphula n'kulisiya mpaka litsale lofunda, kenaka amathira ufa wa chimera n'kutakasa. Pakapita kanthawi phala lolimba lija limasungunuka, n'kuyamba kutsekemera popanda kuthiramo shuga. Chachitika n'chiyani?

Mawere kapena chimanga chikamamera chimafuna mphamvu, koma masamba opangira chakudya chilibe. Ndiye mbewu imapanga enzyme yotchedwa amylase, yomwe imaphwanya starch wosungidwa m'njere kukhala shuga wotchedwa maltose. Tikayanika chimera n'kuchisinja, amylase uja amakhalabe mu ufawo. Akangolowa m'phala amapitiriza ntchito yake, ndipo phala limachepa mphamvu chifukwa starch amene amalilimbitsa waduka-duka.

Starch payekha angatenge nthawi yaitali zedi kuti aphwanyike. Kuti reaction iliyonse iyambe pamafunika mphamvu yoyambira, activation energy. Ganizirani munthu wokankha njinga ya makala pachitunda: enzyme imatsitsa chitundacho. Ndipo siithera m'ntchitoyo ayi, ikamaliza apa imagwira pena. N'chifukwa chake chimera chochepa chimakwanira mphika wonse.

Nanga kudikira kuja? Ine ndinaphunzira mowawa. Tsiku lina, pothamangira mpira, ndinathira chimera phala likubwata. Thobwa silinatheke, linangokhala phala lozizira lopanda kukoma, ndipo agogo sanandisekerere. Enzyme ndi puloteni, ndipo ili ndi malo ake, active site, pomwe starch amalowa ngati kiyi muloko. Kutentha kwambiri kumapotoza malowo, kiyi osalowanso. Ngakhale phala lizizire pambuyo pake, enzyme ija sibwerera mwakale. Kuzizira kokha sikuononga, kumangochedwetsa ntchito.

Apa mpomwe malikisi amathawira. Osalemba kuti enzyme "yafa". Sinali yamoyo n'kale! Mawu amene a MANEB amafuna ndi denatured.

Amylase timakhalanso naye m'malovu, ndipo amagwira bwino pa 37°C, kutentha kwa thupi lathu. Yesani madzulo ano: tafunani mbamu ya nsima yopanda ndiwo kwa mphindi ziwiri osameza, mumve mmene ikomere. Ikafika m'mimba asidi amamuimitsa amylase ameneyu, ntchito n'kudzapitirira m'matumbo aang'ono mpaka shuga asanduke glucose. Glucose ameneyo ndiye maselo amamuphwanya pa respiration kuti tipeze mphamvu zopalasira njinga kubwera kuno m'mawa.

Amene mukukayika, bwerani ndi phala pang'ono ndi chimera chodzadza supuni. Tikapempha ayodini kwa aphunzitsi a Biology: phala lokha lisanduka blue-black, koma losakaniza ndi chimera mtunduwo uzinka nuzilala starch akamatha.