Kalata yochokera ku Phalombe

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Phalombe. Akuti namondwe Freddy atawagwetsera nyumba mu Marichi 2023, kwacha n'kudzachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, pemphero linayamba kuwalemera. Akufunsa ngati kumeneku n'kutaya chikhulupiriro.

Ayi ndithu. Mayiwa ali ndi chifukwa cholirira, poti namondweyo anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Mneneri Yeremiya nayenso ankadandaulira Mulungu mosabisa mawu. Koma pa mutu 32 wa buku lake pali nkhani yodabwitsa. Asilikali a ku Babulo atazinga Yerusalemu, iyeyo ali m'ndende mwa lamulo la Mfumu Zedekiya, anagula munda ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva. Makalata a mundawo anawapereka kwa Baruki kuti awasunge m'mbiya, asawonongeke. Tangoganizani, kugula munda adani ali pakhomo! Mzindawo unagwabe, ndipo zimenezi Baibulo silibisa. Yeremiya anangokhulupirira kuti tsiku lina anthu adzalimanso kumeneko.

Chimene chikudetsa nkhawa m'kalatamu n'chakuti mayiwa asiya kupita ku Mvano, ati akuchita manyazi kupita opanda chopereka. Pamenepo pokha aganizeponso. Amayi anzawo ambiri a kumeneko analowedwanso ndi madzi omwewo, ndipo palibe amene angawaseke. Apite sabata ino, akakhale pakati pa anzawo, ndipo akawauze abusa kapena mkulu wa mpingo mmene zinthu zilili pakhomo.