Mwana wokana buku mupatseni nkhani yomugwira mtima

Makolo ambiri amadandaula kuti mwana wawo wa Fomu 1 kapena Fomu 2 sagwira buku pokhapokha mayeso akayandikira. Koma mwana yemweyo amatha kukhala phee kumvetsera sewero la pa wailesi, kapena kutsatira pa foni nkhani ya mtsikana wothawa kwawo mpaka batire kutha. Nkhani amazikonda ndithu. Chimene amadana nacho ndi buku lomulalikira, lija tsamba lililonse likununkha mayeso.

Choncho poyamba musankhireni buku lopyapyala, la mitu yaifupi, loti akaliona asachite mantha. Chachikulu kuposa apo, nkhani yake ikhale ya moyo umene akuudziwa: mwana wamasiye woleredwa kwa amalume, mnyamata wobwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mtsikana wotenga mimba ali pasukulu, bambo wopita ku Joni osatumizanso uthenga. Makolo ena amaopa nkhani zowawa ngati izi, amati zimuononga mwana. Ine ndimaona mosiyana. Wachinyamata amazindikira msanga buku likamamunamiza kuti dziko ndi losalala, ndipo amalitaya. Likamuuza zoona, amalikhulupirira, n'kufuna kudziwa kuti mnzake wa m'bukumo zimuthera bwanji.

Mabuku otere tili nawo m'Chichewa. Nthondo, limene Samuel Josia Ntara analemba n'kutuluka mu 1933, ndi nkhani ya mnyamata wovuta, wakuba, woyendayenda, amene pamapeto anadzasintha n'kukhala mfumu. Ana ambiri amakumana nalo m'kalasi ngati phunziro loti aloweze, koma kunyumba, popanda mafunso a mayeso, limakoma mwa njira ina. Palinso Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, komanso Mkwatibwi Wokhumudwa la P.P. Litete. Amene Chingerezi chikumuyendera angayambe ndi timabuku ta Pacesetters, timene makolo ambiri a lero ankabwerekana kusekondale mpaka zikuto kuthothoka. Mnyamata wonena kuti nkhani zopeka ndi zabodza mupatseni The Boy Who Harnessed the Wind, mbiri yeniyeni ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 n'kudzipangira makina amagetsi oyendera mphepo atawerenga buku la mu laibulale. Kafunseni za mabukuwa ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi, kwa aphunzitsi a Chichewa, kapena kwa ogulitsa mabuku akale m'misika.

Buku likapezeka, muyambe mwaliwerenga nokha, kuti mudziwe zili mkatimo. Kenako musamupatsire m'manja n'kumulamula kuti amalize pofika Lachisanu. Madzulo mutadya nsima, ngakhale magetsi atazima mukuunikira tochi, werengani inuyo mokweza mutu woyamba, azing'ono ake alinso pompo. Musathamange, mawu a agogo a m'nkhanimo atuluke ngati a agogo. Mukafika pamene zinthu zavuta, pamene mwana wa m'bukumo wagwidwa kapena wamva uthenga wa maliro, tsekani buku, muliike poonekera, mukagone. Akanena kuti, "Amayi, pitirizani," muuzeni kuti maso atopa, buku ndi ilo. Mawa lake mukalipeza lasuntha pamene munalisiya, musanene kanthu.

Funso loti "waphunzirapo chiyani?" lisiyeni, limasandutsa nkhani kukhala homuweki. Funsani monga mmene mungafunsire za munthu wa m'mudzi mwanu: "Iweyo ukanakhala Nthondo, ukanabwerera kwanu?" Akatsutsana nanu, mulekeni atsutse. Akalisiya buku pakati chifukwa silikumukoka, musamukalipire, musinthireni lina. Akamawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, akulu ake asamuseke.

Khalaninso tcheru, chifukwa nkhani yamphamvu imatha kutokosa chilonda chimene mwana ankabisa. Mukamuona wakhala duu, misozi ili lengelenge, khalani naye pafupi osamupanikiza. Ana ena amayamba ndi kunena kuti "mnzanga wina zinamuchitikira zomwezi," pamene akunena za iwo eni. Mvetserani mpaka amalize. Ngati zimene waululazo ndi nkhanza kapena kugwiriridwa, musazikwirire m'nyumba: pitani naye kuchipatala ndi ku ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana ku Malawi.