Liwu Limodzi, Matanthauzo Awiri

Phunziro ili ndinalitola kwathu ku Likoma pa tchuthi chapitachi, ndipo ndinalitola ndi manyazi.

Achinyamata tinakonza mpikisano wa nthabwala pa Mbamba, potengera Taskmaster, pologalamu ya pa wailesi yakanema ya ku Britain imene Alex Horne anaiyambitsa mu 2015. M'menemo opikisana amapatsidwa ntchito yolembedwa pa pepala, ndipo wochenjera amafufuza mpata m'mawu ake. Poti ndine wa ku seminale, anzanga anandisankha kulemba malamulo ndi kuweruza. Mphotho inali mpira watsopano umene tonse tinasonkhera.

Ndinalemba kuti: "Kapezeni mtengo waukulu koposa pa Mbamba pano." Gulu loyamba linathamangira ku mlambe ndi chingwe kukayeza thunthu lake. Gulu lachiwiri linangopita kugombe kukafunsa asodzi mtengo wa injini ya boti, nkubwerako msanga lisanatuluke ndi thukuta lomwe. Oonerera anaseka mpaka kugwira nthiti, koma oyeza mlambe aja anapsa mtima, nati ndakondera poti m'gulu linalo munali msuweni wanga.

Kodi cholakwika chinali pati? M'Chichewa muli mawu olembedwa mofanana amene amasiyana pa kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu powatchula. Mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika satchulidwa chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la m'maso nawonso amasiyana motero. Khutu limamva kusiyanako, koma kalembedwe kathu sikakuonetsa. Ndikanalengeza lamulolo pakamwa, mkangano sukanabuka.

Mawu otere amamveka ndi anzake oyandikana nawo. Tikati belu likulira, mwana akulira, ntchitoyi ikulira anthu asanu, palibe amasokonezeka. Ine ndinasiya liwu lija lili lokhalokha. Ndikanati "mtengo wa thunthu lalikulu koposa", nkhani ikanathera pomwepo.

Ndinavomera pamaso pa onse kuti wolakwa ndinali ine wolemba, osati owerenga, ndipo mpira tinagwirizana kuti ukhale wa magulu onse awiri.

Tsono anzanga, polemba chidziwitso kapena kalata, tiwerengenso ngati munthu wosadziwa zimene zili m'mutu mwathu. Pa mayeso a MSCE, tiwerenge funso kawiri tisanagwire cholembera. Ndipo lamulo likamveka pawiri, tifunse tisanathamangire ku mlambe, pakuti kufunsa nkudziwa njira.