Phunziro la Zaumoyo: Mwana Amene Pachifuwa Pake Panalowa M'kati

Amayi anzanga, zambiri za thupi la mwana timaziona pomusambitsa. Ana ena amabadwa pachifuwa pali polowa m'kati ngati kambale. Madokotala amalitcha vutoli pectus excavatum, ndipo limagwira anyamata ambiri kuposa atsikana. Si ufiti, si tsempho, ndiponso mayi sanalakwe chilichonse. Mafupa ofewa olumikiza nthiti ku fupa la pakati pa chifuwa ndiwo amakula mokhota, n'kulikankhira fupalo m'kati.

Tisasokoneze ndi chibayo

Mwana wodwala chibayo amapuma mofulumira, ndipo m'munsi mwa chifuwa mumalowa akamakoka mpweya. Ameneyo thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Dzenje tikunena panoli silichoka, mwana adwale kapena asadwale.

Ndani afunika opaleshoni?

Si onse ayi. Ambiri amakula bwinobwino. Koma dzenjelo limakonda kuzama mwana akamatha msinkhu, ndipo likazama kwambiri limapanikiza mtima ndi mapapo. Mwana amatopa msanga, amabanika akathamanga, nthawi zina amamva kupweteka pachifuwa. Ena amaleka kusewera ndi anzawo poopa kuvula malaya. Dokotala amajambula chifuwa ndi kupima mtima asanagamule.

Njira ziwiri

Mu 1949, Dr Mark Ravitch wa ku America anafotokoza njira yong'amba pachifuwa, kuchotsa mafupa ofewa okhotawo ndi kukweza fupa la pakati. Mu 1987, Dr Donald Nuss, yemwe anaphunzira udokotala ku Cape Town, anayamba njira ina ku Norfolk, m'dziko la America lomwelo. Amaboola pang'ono m'mbali zonse ziwiri, kulowetsa chitsulo chopindika pansi pa fupalo, kenaka kuchitembenuza kuti chilikankhire kunja. Chitsulocho chimakhalamo zaka 2 kapena 3, ndipo amachichotsa ndi opaleshoni yaing'ono.

Zotsatira zake

Mwa ambiri chifuwa chimawongoka ndipo sichibwereranso m'kati. Ambiri amanena kuti akupuma bwino ndipo manyazi aja anatha. Komabe tisabise: ululu wa masabata oyamba ndi waukulu. Chitsulo chikhoza kusuntha n'kufunika opaleshoni ina, bala likhoza kutukusira, ndipo mwa apo ndi apo mtima umavulala. Kwa miyezi ingapo mwana asanyamule zolemera, asalime, asamenye mpira.

Udindo wathu ndi kupita naye mwana kuchipatala akapimidwe, kufunsa mafunso mosaopa, ndi kumuteteza kwa omuseka, ngakhale a m'nyumba mwathu momwe.

Mafunso okambirana

1. Kwanu anthu amati chiyani akaona mwana wotere?
2. Mungasiyanitse bwanji vutoli ndi chibayo?
3. Mnyamata amene akubisa thupi lake chifukwa cha manyazi mungamulankhule bwanji?