Chishalo chikamapendekeka, musathamangire kukoka chingwe

Kuno ku Kasungu kavalo sitimuona kawirikawiri. Mwina amene anafikako ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, ndi amene anaonapo alendo atakwera akavalo m'mbali mwa nyanja. Koma vuto limene okwera akavalo amadandaula nalo, loti chishalo chimatsetserekera mbali imodzi ulendo uli m'kati, ifenso timalidziwa. Taonani belo la fodya pakaliyala ya njinga, likupita pamene lole ya ku Chinkhoma ikudikira, kapena matumba a chimanga pamsana pa bulu popita kuchigayo. Ponyamuka katundu ali pakati bwinobwino. Pakutha makilomita awiri wapendekera kumanzere. Mwini wake atsika, akoka malegeni mwamphamvu, ulendo upitirira. Posakhalitsa wapendekekanso.

Ine ndikuti kukokako sikuthetsa vuto, ndipo Physics imene mukuphunzira ikutiuza chifukwa chake.

Chimene chimagwira chishalo kuti chisaterereke ndi friction, mphamvu imene imakana kuti zinthu ziwiri zokhudzana zikhulane. Mukamangitsa lamba wodutsa pansi pa chifuwa cha kavalo, chishalo chimakanikiza msana kwambiri ndipo friction imakula. Mpaka apa wokoka chingwe uja sanalakwe. Koma friction ili ndi malire, komanso nyama ikatuluka thukuta ubweya umayamba kuterera.

Funso lenileni ndi lakuti: n'chiyani chikukankhira katunduyo kumbali? Apa ndi pamene pamabwera moment, ija timaipeza pochulukitsa mphamvu ndi mtunda wochokera pamene chinthu chikuzungulira. Tiyerekeze kuti bulu wasenza thumba la makilogalamu 30 kumanzere ndi la makilogalamu 20 kumanja, lililonse lili mamita 0.3 kuchokera pafupa la msana. Tikatenga kilogalamu imodzi ngati 10 N, kumanzere tipeza 300 × 0.3, yomwe ndi 90 Nm. Kumanja 200 × 0.3, ndiye 60 Nm. Yotsala ndi 30 Nm, ndipo imeneyi ikuzunguza katundu kumanzere ulendo wonse, sipuma ayi. Bulu akaponda, katundu amadumpha pang'ono, friction imachepa kwa kanthawi, ndipo thumba lolemera lija limaba kamtunda kakang'ono. Choipa kwambiri n'chakuti likatsetsereka, kulemera konse kumachoka pakati, moment n'kukulirakulira. N'chifukwa chake katundu amayamba kupendekeka pang'onopang'ono kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi. Wokwera kavalo amene amatsamira phazi limodzi amachitanso zomwezi osadziwa.

Nanga bwanji osangomangitsa mpaka chisasunthe? Chifukwa pansi pa chishalocho pali nyama yamoyo. Kumbukirani kuti pressure ndi mphamvu kugawa ndi kukula kwa malo. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 limakanikiza ndi 500 N. Likakhala pamalo a 0.1 m², pressure ndi 5,000 Pa. Koma chishalo chikakhala chosagwirizana ndi msana, n'kumangokhudza timalo tiwiri tokwana 0.01 m², pressure imafika 50,000 Pa, kuchulukitsa kakhumi. Onjezani kukoka kwa lamba pamenepo. Magazi sayenda bwino pakhungu, ubweya umathothoka, chilonda chimabwera, ntchentche n'kumalizitsa. Zilonda zimene mumaona pamsana pa abulu ena zimayamba chonchi.

Maonekedwe a nyama nawonso ndi nkhani. Kavalo ali ndi kaphiri ka mafupa pakati pa mapewa kamene kamathandiza kuti chishalo chisazungulire. Kaphiri ka bulu n'kotsika, ndiye chishalo chopangira kavalo sichikhazikika pa iye. Zili ngati goli la ng'ombe. Ng'ombe zathu zili ndi linunda ndipo goli limatsamira pamenepo, koma bulu alibe, amakoka bwino ndi chifuwa. Kumumanga goli pangolo, monga ambiri amachitira, n'kumupweteka khosi chabe.

Pali chinanso chimene ine chimandichititsa chidwi. Mu 2013 akatswiri awiri a matenda a ziweto, Line Greve ndi Sue Dyson, anafalitsa zimene anapeza atafufuza akavalo ku Newmarket, ku England. Anapeza kuti mwa akavalo otsimphina mwendo wakumbuyo, oposa theka chishalo chawo chinkatsetserekera mbali imodzi. Atawabaya mankhwala oletsa ululu pamwendo wopwetekawo, pafupifupi onse chishalo chinasiya kutsetsereka. Chishalo n'chomwecho, wokwera ndi yemweyo. Chinasintha ndi kayendedwe ka kavalo basi.

Ndiye katundu wa bulu wa kwanu akamapendekera mbali imodzimodzi masiku onse, yambani mwayeza matumba awiriwo ponyamula limodzilimodzi ndi manja, kapena pasikelo ngati ilipo. Akafanana, ikani chiguduli chochindikala mbali zonse ziwiri, kusiya mpata pafupa la msana kuti pasakhudze kanthu. Zikapitirirabe, tsitsani katundu yense, wina ayendetse buluyo pamalo osalala, inu muime kumbuyo chapatali kuti asakuponyeni chidendene, muone ngati miyendo yonse ikuponda mofanana. Ngati mwendo wina akuuopa, tukulani chiboda muone ngati mwalowa mwala kapena minga, ndipo kukakhala kotupa itanani alangizi a ziweto asanasenzenso thumba lina.