Wotchola Tiyi Akadwala, Ndani Amalipira?

Ine ndinakulira pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene bambo anga ankatchola masamba. Funso ili m'mwambali ndinaliphunzira pakhomo, osati m'kalasi.

Yankho lake limatengera ntchito imene munthu akugwira. Mabwana ambiri ali ndi inshuwalansi, monga ya MASM, moti akadwala amapita ku zipatala zolipira ku Blantyre. Antchito okhazikika amathandizidwa pa kiliniki ya pa esiteti. Koma pali gulu lachitatu: anthu olembedwa nyengo ya mvula yokha, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amaphukira kwambiri. Bambo anga anali m'gulu limeneli.

Chaka china anadwala chibayo mu Juni, ntchito itatha kale. Chipatala cha boma ku Thyolo n'chaulere, inde, koma galimoto yokafikira kumeneko si yaulere, ndipo kwathu n'kutali. Tinawatengera ku chipatala cha mishoni chapafupi, amayi n'kugulitsa mbuzi yathu imodzi yokhayo.

Zipatala za pansi pa CHAM, monga Malamulo ku Makwasa, zimalipiritsa kuti zithe kuyenda. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mgwirizano ndi zambiri mwa izo kuti lizilipirira odwala ena, makamaka amayi oyembekezera ndi makanda. Bambo wa chibayo sankawerengedwa pamenepo.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti Amalawi osakwana 3 mwa 100 aliwonse ndiwo anali ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Nditawerenga zimenezi ndinayesa kukumbukira wa m'mudzi mwathu amene anali nayo. Sindinapeze ndi mmodzi yemwe.