Diso Lalitali la Kamera

Anzanga ambiri pa sukulu pano amayesa kuti lenzi yaitali ija imene alendo opita ku Liwonde National Park amakoleka m'khosi iri ndi mphamvu yokoka chinthu chakutali kuti chifike pafupi. Chigawo chino kalabu yathu ya zachilengedwe inabwereka lenzi yotere pamodzi ndi kamera yache, ndipo takhala nayo masabata 3. Tsono ndifuna kufotokoza zimene ndaona, pakuti nchito yache yeniyeni ndi yina. Lenzi imeneyi siikoka kanthu ai, koma imadula. Imataya zonse za m'mbali nitsala ndi kachigawo kakang'ono ka dziko, ndipo kachigawo komweko ndiko kamadzaza chithunzi chonse.

Tiyambe ndi manambala. Pa lenzi yathu palembedwa 70-300mm. Inu amene munaphunzira kale za kuwala mu Fizikisi mukumbukira galasi lonenepa pakati limene tinatenthera pepala padzuwa. Mtunda wochokera pa galasilo kufika pamene kuwala kunasonkhana kukhala kadontho ndiwo umene mabuku amautcha focal length. Mtunda umenewu ukakhala wautali, chithunzi cha chinthu chimagwa chachikulu pa sensa, ndiko kunena kambale kam'kati mwa kamera kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Mau akuti zoom atanthauza kuti mtundawo umasinthika. Ukapotoza mkombero wa lenzi, magalasi am'kati, amene apitirira 10, amasendera ena kutsogolo ena kumbuyo, ndipo iwe umachoka pa 70 kufika pa 300 osasuntha phazi.

Taonani samu iyi. Njovu yamphongo yotalika mamita 3 yaima pa mtunda wa mamita 100. Kuti mudziwe kukula kwache pa sensa, chulukitsani msinkhu wache ndi focal length, ndipo mugawe ndi mtunda. Pa lenzi wamba ya 50mm njovu yonseyo ikhala milimita imodzi ndi theka, ngati kambeu ka mawere. Pa 300mm ikhala mamilimita 9, ndiko kukula kasanu ndi kamodzi. Koma sensa siikula. Ya kamera zazikulu iri ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, monga filimu yakale ija. Chotero pa 50mm chithunzi chimatenga gombe lotalika mamita 72, koma pa 300mm chimatenga mamita 12 okha. Mamita 60 enawo atayika. Ndiko kudula kumene ndikunena. Kamera za sensa yaing'ono, zimene ziri zambiri, zimadula koposa pamenepa.

Nanga bwanji lenzi ya 300mm siitalika mamilimita 300? Apa ndipo pali nzeru ya telephoto. Magalasi akutsogolo amasonkhanitsa kuwala, ndipo akumbuyo, amene ali opyapyala pakati, amakumwazanso pang'ono kusanafike pa sensa. Potero lenzi yaifupi imagwira nchito ya lenzi yaitali. Thomas Dallmeyer wa ku London ndi Adolf Miethe wa ku Germany anatulukira njira imeneyi m'chaka cha 1891, yense payekha. Zoom inachedwa kufika kwa ojambula wamba: yoyamba ya kamera za filimu ya 35mm inali Voigtländer Zoomar ya 36-82mm, imene inatuluka mu 1959.

Loweruka lachiwiri tinapita nayo ku mtsinje wa Shire. Tinakwera boti pafupi ndi Kamuzu Barrage pa Liwonde, ndi kulunjika kumtunda, Machinga kudzanja lamanja ndi Balaka kudzanja lamanzere. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 bungwe la African Parks limaiyang'anira pamodzi ndi boma. Mvuu ndi ng'ona sitinachite kuzifunafuna. Pamenepo ndinaona ubwino woyamba wa lenzi, ndipo ndi waukuru ndithu. Mvuu ndi nyama yosafuna kuyandikiridwa, makamaka ikakhala ndi mwana, ndipo woyendetsa boti anakana kusendera kufupi ngakhale tinampempha. Koma pa 300mm ndinaona ubweya wa pamlomo pache, makutu ache ang'onoang'ono akupukusa madzi, ndi zipsera za nkhondo pamsana. Ndakhala ndikuona mvuu chiyambire ubwana wanga, koma zipserazo ndinali ndisanazionepo.

Pa mbalame chisangalalo changa chinachepa. Nkhwazi inatera pa mtengo wouma pa mtunda wa mamita ngati 50. Mbalame ya masentimita 70 pa mtunda wotere imagwa pa sensa mamilimita 4 ndi pang'ono, ndipo m'chithunzi inangooneka ngati kadontho koyera kumutu. Choncho amene ayesa kuti 300mm ithetsa mtunda uli wonse adzakhumudwa. Wojambula mbalame afunikabe kudekha ndi kubisala monga mlenje.

Bvuto lalikuru ndi kunjenjemera. Gwirani nsungwi yaitali kutsinde ndi kuiloza kutsogolo: dzanja likagwedezeka pang'ono pokha, nsonga imabvina kwambiri. Lenzi yaitali iri chimodzimodzi, pakuti pokuza chinthu imakuzanso kugwedezeka kwa manja. Pa zithunzi zimene kalabu yonse inajambula m'boti, zambiri zinatuluka zosilira ngati zopakidwa phala. Lamulo lakale la ojambula likuti chitseko cha kamera chitsegulidwe nthawi yosaposa 1 kugawa ndi focal length, ndiye kuti pa 300mm pafunika 1/300 ya sekondi kapena kufulumirapo. M'boti, m'mene injini ikugwedeza matabwa, ngakhale 1/500 nthawi zina siikwana, ndipo kutsamira chigongono pa boti kumangoonjezera bvuto. Pamtunda mpamene kutsamira pa mtengo kapena kuika lenzi pa kathumba ka nyemba kumathandiza. Malenzi ena ali ndi kagalasi kam'kati kamene kamayenda kotsutsana ndi kugwedezeka kwa manja. Kampani ya Canon inatulutsa lenzi yotere ya 75-300mm mu 1995, koma yathu yobwereka iribe chimenechi.

Mungafunse kuti, bwanji osangofulumizitsa chitseko nthawi zonse? Chifukwa chache ndi kuwala. Chitseko chikatseguka kanthawi kochepa, kuwala kolowa kumachepanso, ndipo lenzi yathu ndi youmira kale. Pa 70mm bowo lache lalikuru ndi f/4, koma pa 300mm ndi f/5.6, limene limalowetsa theka la kuwala kwa f/4. Mukagawa 300 ndi 5.6 mupeza kuti bowolo liri mamilimita ngati 54. Kuti likhale f/2.8 pafunika mamilimita 107, ndiye galasi lalikuru ngati kambale kodyera ndiwo. Nchifukwa chache malenzi a atolankhani amene timawaona kuseri kwa golo pa Kamuzu Stadium ali aakuru, olemera ndi okwera mtengo. Tsoka lache nlakuti nyama zimatuluka bwino m'mamawa ndi madzulo, pamene kuwala kuli kochepa. Masana kuwala kulipo kokwanira, koma kuno ku chigwa cha Shire nthaka ikatentha mpweya umanyezimira pamwamba pache, ndipo chinthu chakutali chimaoneka ngati chiri pansi pa madzi. Lenzi siingachotse zimenezi, imangozikuza.

Tsono ndifike pa chimene chandiganizitsa koposa. M'chithunzi china migwalangwa iwiri inaoneka ngati yaima phewa ndi phewa, ndi phiri la Chinguni ngati lagunda kumsana kwao, pamene ife tinaona ndi maso kuti mitengoyo inatalikirana kwambiri. Aphunzitsi athu a Fizikisi anatifotokozera motere. Ukaima mamita 10 kuchokera pa mtengo woyamba, ndipo wachiwiri uli mamita 50 kuseri kwache, wachiwiriwo umaoneka wochepa kasanu ndi kamodzi, ndipo diso limadziwa msanga kuti uli kutali. Koma ukaima mamita 200, woyamba uli pa 200 ndi wachiwiri pa 250, ndipo kusiyana kwa kukula kwao nkochepa. Mpata wa mamita 50 ndi womwewo, koma suonekanso. Si galasi limene lafinya dziko, koma mtunda umene wojambula waimapo. Lenzi yangodula nthaka ya patsogolo imene ikadatiuza zoona.

Ici nchifukwa chache ndayamba kuyang'ana zithunzi za m'nyuzipepala ndi diso lina. Mukaona bwato la msodzi ngati liri pakamwa pa mvuu, kapena khamu la anthu pa msika wa Balaka ngati athithikana osasiya poponda, dzifunseni kuti wojambula anaima pati. Ndiponso dzifunseni chimene chinadulidwa. Zithunzi za Liwonde zimene zimapita maiko akunja zimaonetsa njovu, mtsinje ndi dzuwa likulowa, ndipo woziona angayese kuti kuno kulibe anthu. Koma ife tidziwa kuti kuseri kwa mpanda wa magetsi kuli midzi ndi minda ya chimanga, ndi kuti njovu zikathyola mpanda banja limataya chakudya cha chaka chonse usiku umodzi. Njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022 zinachoka chifukwa zinachuluka pa malo ochepa. Nkhani imeneyi siingalowe m'mamita 12. Kwa ine ubwino weniweni wa zoom uli pamenepa: ukatha kujambula diso la njovu pa 300, ungathe kubwerera pa 70 ndi kujambulanso njovu yomweyo pamodzi ndi dziko limene ikhalamo. Mbali ya 70 imanyozeka ndi anyamata a m'kalabu, amene amapotoza mkombero mpaka kumapeto nthawi zonse, koma zithunzi zimene ndazikonda kwambiri zinachokera kumeneko.

Kudula kumeneku kuli ndi ngozi yachenso kwa wojambula mwini. Diso likakhala m'kamera pa 300mm, munthu saona za m'mbali mwache, ngati bulu wobvekedwa zophimba maso. Pa gombe la Shire, kumene ng'ona imaoneka ngati chipika, si bwino kujambula uli wekha. Mnzako aime pambali ndi maso ache onse awiri. Ndipo musayese konse kuyang'ana dzuwa kupyolera m'lenzi: kumbukirani pepala lija linapsa.

Pobwerera tinapitirira amai akuchapa pa dooko kunja kwa paki, ndipo mnzathu wina anakweza kamera. Aphunzitsi anamgwira mkono nati, "Iwe, kodi wapereka moni?" Tonse tinaseka, koma iwo sanaseke. Ndi lenzi yaifupi munthu ayenera kufika pafupi, kunena odi ndi kupempha. Ndi yaitali angathe kutenga nkhope ya mai wa mwini ali kutsidya, maiyo osadziwa kanthu. Kalabu yagwirizana kuti lenzi imeneyi ikhale ya nyama, mbalame ndi masewero a mpira, ndi kuti munthu tizimjambula pokhapo wabvomera.

Lenzi ibwezedwa kwa mwini wache kumapeto kwa mwezi uno. Ofuna kuigwira abwere ku labu Lachitatu masana, m'manja muli mosamba, ndipo asakhudze galasi ndi chala kapena kulipukuta ndi malaya. Kwa a Fomu 3 ndasiya funso ili, ndipo mayankho aperekedwe kwa mlembi wa kalabu: goloboyi wotalika mamita 1.8 waima pa golo lakutsidya, mamita 90 kuchokera pamene muli. Kodi pafunika focal length yotani kuti iye adzaze theka la mamilimita 24 a sensa, ndipo kodi lenzi yathu ingakwanitse?